Chikombole ndi Lumo: Zithunzi Zophatikiza za pa Foni ku Kalingalinga

Kalingalinga sabisa katundu wake. Mukatsata msewu wa Alick Nkhata kuchokera ku Mass Media kulowera cha ku Mtendere, mumaona mageti achitsulo atatsamira pamitengo, mafelemu a zitseko ndi a mawindo atandandalikidwa, mabedi, masofa ndi makabati zili pambalambanda kuti wa pa minibasi aone. Masiku ano katundu yemweyo amaonetsedwanso kachiwiri pagalasi la foni. Kalipentala amajambula bedi, kabati, tebulo ndi mpando, n'kuphatikiza zithunzi zinayizo kukhala chimodzi, n'kulembapo nambala yake, n'kuponya pa status ya WhatsApp. Wa saluni amachita chimodzimodzi ndi mitu imene waluka sabata imeneyo. Tsiku lobadwa la mwana, kitchen party, chilanga mulilo, mnyamata amene wavala gauni pa UNZA pafupi pomwepa, uthenga wa maliro, zonsezi zimafika m'mafoni a abale ngati collage.

Ndimakhulupirira kuti m'makomboni a Lusaka mulibe ntchito ina ya zojambula imene ikupangidwa mochuluka kuposa imeneyi, ndipo ndi yokhayo imene palibe amaiweruza. Timadina kamtima n'kupitirira. Ena amati si luso n'komwe, popeza app ndiyo imagwira ntchito yonse. Zoona zake n'zakuti app imagwira theka lophwekalo. Imakupatsa chikombole, timabokosi tokonzeratu toti uponyemo zithunzi. Theka lovutalo, loti ndani akhale wamkulu, ndani atsale, chithunzi ichi chikumane ndi chiti ndipo chikumane nacho pati, limatsalira munthu, ndipo nthawi zambiri limafuna kuti munthuyo akane zimene chikombolecho chikumuuza.

Kuphatikiza zithunzi sikunabwere ndi foni. M'nyumba zambiri ku Matero, ku Chawama ngakhale ku Kalingalinga komweko mudakali felemu lalikulu lagalasi lopachikidwa pamwamba pa kabati, mmene munaunjikidwa zaka zambirimbiri: ukwati pakati, ubatizo pambali, ndi tizithunzi ta pa chiphaso totsomekedwa m'mphepete mwa felemu. A m'masitudiyo ankadziwanso kusindikiza nkhope za akwati mkati mwa mtima kapena mwa tambula ya vinyo. Sana Ginwalla, amene anayambitsa Everyday Lusaka, anapeza ku Fine Art Studios m'tauni mulu wa zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga, ndipo pa izo anamangapo nkhokwe yotchedwa Zambia Belonging. Kudzera mu ntchito yomweyo ambiri adziwa za a Alick Phiri, amene anaphunzira kujambula pa situdiyo imeneyo n'kudzatsegula yawo, Kwacha Photo Studio, ku Kanyama. Pa nthawi ya akuluakulu amenewa chithunzi chinali chimodzi chokha, chotsukitsa ndi ndalama. Ukachilowetsa lumo sichinkabwereranso. Munthu ankayamba wachitembenuza kangapo asanadule.

Foni inachotsa mantha amenewo. PicsArt inayamba mu 2011, Canva mu 2013, Instagram inatulutsa Layout mu 2015, ndipo mu February 2017 WhatsApp inabweretsa status yozimiririka pakatha maola 24. Onjezanipo PicCollage, PhotoGrid ndi InShot, ndiponso mafoni a Tecno ndi itel amene anafika m'manja mwa anthu osakhala a kumayadi. Tsopano ukadula molakwika umangobweza. Ndi mwayi waukulu, ndipo sindikufuna kubwerera ku lumo lenileni. Koma chinthu chimene sichitayitsa kanthu sichikakamizanso kuganiza, ndipo zophatikiza zambiri zimene timaona zimaoneka kuti zinapangidwa pa nthawi imene minibasi inaima kudikira munthu mmodzi kuti idzaze.

Tiyambe ndi chikombolecho. App imakonda timabokosi tofanana: tiwiri, tinayi, tisanu ndi kamodzi, tisanu ndi tinayi. Kwa iyo chithunzi chilichonse ndi chofanana ndi chinzake. Koma pakati pathu anthu salingana chotero, ndipo zochitika sizilingana. Taonani collage ya chilanga mulilo. Pa tsikulo chachikulu ndi mzere wa amayi ovala zitenge zofanana atasenza miphika yokulungidwa, kupita nayo kwa mkamwini. Chikombole cha timabokosi 9 chimatenga mzere umenewo n'kuufinyira m'kabokosi kofanana ndi ka botolo la chakumwa limene wina anajambula mwangozi. Choipa kuposa apo, chikhoza kuika apongozi m'kabokosi kapansi penipeni, nkhope yawo ili pansi pa nsapato za mkamwini amene waima m'kabokosi kapamwamba. App sidziwa apongozi. Wopanga amene anakulira pakhomo la anthu amaona zimenezi nthawi yomweyo, amagwira chithunzicho ndi chala n'kuchikweza. Amene sanaone amadzamva kwa azakhali madzulo.

Palinso masamu ake. Chithunzi cha status chimakhala choimirira, ndipo mulifupi mwake nthawi zambiri ndi mapikiselo 1080. Mukagawa mizere itatu, chithunzi chilichonse chimatsala ndi 360, osawerengera mpata wa pakati. Ngati m'kachithunzi kameneko muli anthu asanu ndi atatu, nkhope iliyonse ndi kadontho chabe. Status siichedwa, imadutsa m'masekondi ochepa. Woona alibe nthawi yofufuza kuti uyu ndani. N'chifukwa chake funso loyamba la wopanga si lakuti ndiikemo chiyani, koma lakuti ndisiye chiyani. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo zophatikiza za tsiku lobadwa zagwa chagada zambiri chifukwa mwini wake anamvera chisoni chithunzi chilichonse.

Za amisiri a mumsewu wa Alick Nkhata zimaonetsa bwino kusiyana kwa waluso ndi wongodzaza mabokosi. Wongodzaza amaika mageti asanu ndi limodzi, onse ojambulidwa patali, onse ofanana kukula, kumbuyo kwake kukuoneka mageti a anzake oyandikana nawo, moti wogula sadziwa kuti lake ndi liti. Waluso amasankha geti limodzi n'kulipatsa magawo awiri mwa atatu a malo onse. Pansi pake amaika tiwiri tokha: kena kojambulidwa pafupi kwambiri, koonetsa pamene chitsulo chawotchereredwa ndi chinzake n'kusalazidwa, kena koonetsa getilo litamangidwa kale pampanda wa munthu. Zithunzi zitatu zayankha mafunso atatu a wogula: likuoneka bwanji, ndi lolimba kodi, pakhomo limakhala bwanji. Nambala ya foni ili pamalo opanda phokoso, m'zilembo zoti munthu angawerenge asanadutse. Collage yotere sindiiona ngati yotsika poiyerekeza ndi zimene zimapachikidwa ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds. Ntchito yake ndi ina, koma maso amene anaipanga ndi ophunzira.

Tsopano pamene pagona nkhani: malo amene zithunzi ziwiri zakumana. Zaka zoposa 100 zapitazo, wopanga mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga nkhope imodzi ya wosewera Ivan Mosjoukine n'kuisinthanitsa ndi mbale ya msuzi, bokosi la maliro, ndi mkazi. Oonera anaona njala, chisoni ndi chilakolako pa nkhope imene sinasinthe n'komwe. Chithunzi chimabwereka tanthauzo kwa choyandikana nacho. Wopanga collage amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Ikani mwana wa giredi 1 wovala yunifolomu yaikulu kuposa thupi lake pambali pa mnyamata yemweyo atavala gauni, simufunikanso kulemba mawu alionse. Ikani pakati pawo chithunzi cha keke, nkhani yaduka.

Pamalire pamenepa pali tinthu tating'onoting'ono timene waluso amasamala. Choyamba ndi kumene maso akuyang'ana. Munthu wa kumanzere akayang'ana kumanzere ndipo wa kumanja akayang'ana kumanja, amafulatirana, ndipo collage ya chikondi imaoneka ngati ya anthu okwiyirana. Kusinthanitsa malo awo kumathetsa vutolo m'kamphindi. Ena amatembenuza chithunzi ngati pakalilole kuti ayang'anizane, koma akaiwala kuti pa malaya pali zilembo, zimawerengeka chammbuyo, ndipo mphete imasamukira ku dzanja lina. Chachiwiri ndi kuwala. Chithunzi chojambulidwa panja masana a mu October chimakhala choyera mothobwa m'maso, chojambulidwa m'nyumba pa babu chimapita kuchikasu, ndipo cha usiku wa kuzima kwa magetsi, chowalitsidwa ndi tochi ya foni ina, chimapita kubuluu. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, zithunzi za mtundu wachitatuwu zinachuluka. Zitatuzi zikakhala pamodzi zimakangana. Waluso amaziyanjanitsa pochepetsa kutentha kwa mtundu pa china n'kuwonjezera pa china, kapena amazichotsa mtundu zonse kuti zikhale zakuda ndi zoyera. Chachitatu ndi podulira thupi. Chikombole chimadula paliponse pamene malire ake agwera: pakhosi, pachigongono, pabondo, pamphumi. Kutsina galasi ndi zala ziwiri n'kusuntha pang'ono kuti malire agwere pakati pa ntchafu kapena pachifuwa ndi ntchito ya masekondi, koma ndi imene imasiyanitsa munthu wathunthu ndi wodulidwa ziwalo.

A saluni ndiwakumbutseko kamodzi. Collage ya "asanaluke" ndi "ataluka" imakhala yoona pokhapokha zithunzi zonse ziwiri zajambulidwa pamalo amodzi, pa kuwala kumodzi. Choyamba chikajambulidwa mumdima munthu atakwinya nkhope, chachiwiri padzuwa atadzola n'kumwetulira, chimene mwaonetsa ndi dzuwa, osati manja anu. Makasitomala amazindikira.

Kuposa timabokosi pali luso lachiwiri, lodula munthu m'chithunzi chake n'kumusanjika pa china. Kale izi zinkafuna kompyuta ndi Photoshop. Lero app imachotsa zakumbuyo ndi kudina kamodzi, ndipo apa ndi pamene ndili ndi mawu ambiri.

Mbali ya ntchito ya manja ndi yosavuta kuifotokoza. Makina odulawa amalephera patsitsi. Mangongo, tsitsi lopesa mmwamba, nsonga za wigi, zonse amazisenga n'kusiya mutu wosalala ngati wovala chisoti, kapena amasiya kamzere ka khoma lakale kozungulira mutu. Pakati pa mkono ndi chiuno pamatsala kachidutswa ka mpanda. Wodekha amakulitsa chithunzi n'kumafufuta pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala. Ndiye pali mthunzi. Munthu wodulidwa akaikidwa pamalo atsopano popanda mthunzi pansi pa mapazi ake, amayandama. Dzuwa likamuomba kuchokera kumanja pamene nyumba ya kumbuyo kwake ikuombedwa kuchokera kumanzere, diso limadziwa kuti pali bodza ngakhale mwini diso sangathe kutchula kuti lili pati.

Akatswiri akale a ntchitoyi anasiya njira ziwiri. Hannah Höch, ku Berlin cha m'ma 1919 ndi 1920, ankadula zithunzi za m'magazini n'kusiya podulapo poonekera, mutu waukulu pathupi laling'ono, kuti woona adziwe kuti izi zaphatikizidwa dala ndipo afunse chifukwa chake. John Heartfield, amene ankanyoza Hitler m'magazini ya AIZ m'zaka za m'ma 1930, ankasalaza polumikizira mpaka chinthu chosatheka chioneke ngati chinajambulidwa ndi kamera. Njira zonsezi ndi zabwino. Yoipa ndi ya pakati, yofuna kubisa koma n'kulephera. Pa foni ya galasi laling'ono ndi chala chachikulu, njira ya Höch ndiyo yapafupi, ndipo ndimadabwa kuti ndi ochepa amene amaitsata. Kusiya kamzere koyera kochindikala kozungulira munthu, ngati wadulidwa papepala, kumanena poyera kuti ichi ndachipanga, ndipo diso limapumula.

Koma funso lalikulu si lakuti wadula bwanji, ndi lakuti wachotsa chiyani. Yang'anani bwino zophatikiza za achinyamata a mu komboni. Munthu ali pomwepo, nsapato zatsopano, koma khoma la mabuloko losapaka pulasitala lapita, chingwe cha zovala chapita, kantemba kapita, ngalande yapita. M'malo mwake muli nyumba zosanja za ku Dubai, galimoto lonyezimira, kapena mtundu wagolide wopanda malo. Sindikunyoza. Masitudiyo akale nawonso anali ndi nsalu zakumbuyo zojambulidwa mizinda ndi ndege, ndipo munthu ali ndi ufulu wolota pachithunzi chake. Amene amakhala kumayadi alibe chilolezo chouza mwana wa mu komboni kuti aime kutsogolo kwa ngalande pofuna kusangalatsa maso a alendo. Chimene ndikudandaula nacho ndi cha luso. Dubai wa mu app ndi mmodzi yemweyo kwa wa ku Kalingalinga, wa ku Ndirande ndi wa ku Lagos. Ukamusankha, collage yako yafanana ndi za anthu osawerengeka, ndipo chinthu chokhacho chimene iwe unali nacho chimene iwo alibe wachifufuta wekha.

Pafupi nafe pomwepa pali munthu amene anachita zosiyana. Sammy Baloji wa ku Lubumbashi, mu ntchito yake ya 2006 yotchedwa Mémoire, anatenga zithunzi zakale zakuda ndi zoyera za anthu ogwira ntchito m'migodi ya Union Minière pa nthawi ya atsamunda a ku Belgium, n'kuwadula, n'kuwaimika kutsogolo kwa mabwinja a mafakitale a Gécamines amene iye anajambula m'mitundu. Sanabise polumikizira. Mphamvu yonse ili pa kukumana kwa nthawi ziwirizo pamalo amodzi, ndipo aliyense amene ali ndi m'bale ku Kitwe kapena ku Mufulira amamva zimene zikunenedwa. Ku America, Romare Bearden mu 1971 anapanga The Block, collage yotalika mamita oposa 5 yoonetsa mbali imodzi ya msewu wa ku Harlem: tchalitchi, malo ometera, nyumba yokonzera maliro, sitolo ya mowa, ndipo makoma ena anawaboola kuti tione za m'kati. Ndikaganiza za ntchito imeneyo ndimaona msewu wa Alick Nkhata, ndipo zida zopangira yotere zili m'thumba la wophunzira aliyense wa sekondale amene ali ndi bandulo.

Kalingalinga ili ndi chifukwa chapadera chofunira zimenezi. Ndi imodzi mwa makomboni akale a Lusaka, imene inayamba popanda chilolezo, n'kudzakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 pa ntchito ya khonsolo ya mzinda mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ. Lero yapanikizika pakati pa malo odula, Kabulonga mbali ina, yunivesite mbali ina, ndipo m'mphepete mwake nyumba zakale zikugulidwa kuti pamangidwe maofesi ndi mashopu. Mu 2019 gulu la ojambula, mwa iwo Edith Chiliboy, Danny Chiyesu, Zenzele Chulu ndi David Daut Makala, linagwira ntchito m'derali pamodzi ndi Kerstin Hacker wa ku Anglia Ruskin University, ndipo zotsatira zake zinaonetsedwa ku Ruskin Gallery ku Cambridge mu 2020 pa mutu wakuti Stories of Kalingalinga. Anachita bwino. Koma zithunzi zochuluka kwambiri za Kalingalinga sizili kwa iwo, zili m'mafoni a anthu okhala momwemo, ndipo m'zithunzi zimenezo ndi mmene komboni ikufufutidwa ndi chala tsiku lililonse, makasu a omanga asanafike n'komwe. Collage imene ingandiimitse ndi ya mtsikana amene watenga chithunzi chakale cha agogo ake ataima pakhomo, n'kuchisanjika pa chithunzi cha lero cha malo omwewo pamene tsopano pali mpanda wa ofesi. App imene akugwiritsa ntchito poika Dubai ikhoza kuchita zimenezi popanda kulipira ngwee yoonjezera.

Pa nkhani ya khungu mafoni ndi ma app amakokerana. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix, inatchuka pokonza makamera ake kuti azijambula bwino khungu lakuda. Kenaka chithunzi chomwecho chimalowa mu filter imene imayeretsa, kusalaza ndi kuchepetsa mphuno. Mu collage vutoli limaonekera msanga kuposa pa chithunzi chimodzi, chifukwa munthu yemweyo amatuluka ndi makhungu anayi m'mabokosi anayi, ndipo manja amakhala akuda nkhope ili yotuwa.

Pamene izi zimandipweteka kwambiri ndi pa zophatikiza za maliro. Uwu ndiwo mtundu wolemera kuposa yonse, ndipo nthawi zambiri umapangidwa mofulumira, usiku, ndi mdzukulu amene akulira, achibale akumufunsa kuti chithunzi chili kuti. Zithunzi za malemu zimakhala zochepa, zina zojambulidwa kuchokera pa felemu lapakhoma, kuwala kwa galasi kukuoneka. Mdzukuluyo amathamangira ku app ngati Remini kuti nkhope ioneke bwino. Koma app yotere siipeza zimene zinatayika, imalosera n'kujambulapo zake: mano amene agogo analibe, khungu lopanda makwinya, maso a munthu wina. Pa T-shirt yovala ku manda a Leopards Hill kapena a Chingwere pamatuluka munthu amene ana ake akumudziwa movutikira. Chithunzi chosaoneka bwino koma chake chimaposa chowala cha mlendo. Mphini, chipsera, mpata wa m'mano, zimenezo ndizo anthu akufuna kuona.

Chikombole cha maliro chimabweranso ndi katundu wake: mitambo, nkhunda, makandulo, makwerero opita kumwamba, maluwa ofiira, mapiko a mngelo omera pamapewa a malemu. Sindiletsa chimodzi mwa izi, anthu ali ndi chikhulupiriro chawo. Zikabwera zonse pamodzi malemu amasowa. Collage ya maliro yabwino kwambiri imene ndinaonapo inali ndi zithunzi zitatu pa mtundu umodzi wakuda: chachikulu cha mayi wachikulire atavala yunifolomu ya chigwirizano cha amayi a mpingo wake, kakang'ono ka utsikana wake, ndi kena ali pamsika pambuyo pa tebulo la tomato. Pansi dzina, chaka chobadwa ndi chomwalira, ndi kumene kuli nyumba ya maliro. Amene anaipanga anasiya dala chithunzi cha m'chipatala, chimene ambiri amachiika poganiza kuti chomaliza ndicho chofunika. Ndipo pali funso limene app siingayankhe: ngati bambo anali ndi mabanja awiri, ndani alowe m'chithunzi, ndani adulidwe? Dzanja lotsala paphewa, mwini wake atachotsedwa, layambitsa milandu pamaliro ambiri. Wopanga wanzeru amayamba wafunsa akuluakulu a banja asanadine.

Za zilembo ndi timitima ndingodutsapo. Mtundu umodzi wa zilembo ndi wokwanira, iwiri ndiyo malire. Zilembo zopotanapotana zagolide pamwamba pa chitenge cha maluwa siziwerengeka. Mawu asadutse pankhope. Mapepala a mapemphero a usiku wonse ndiwo amalakwa kwambiri apa, abusa asanu, moto, chiwombankhanga ndi mkango, tsiku ndi malo zili m'kangodya kosaoneka.

Chotsala ndi ulendo wa chithunzicho chikachoka m'manja mwa wochipanga. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo. Chithunzi chimene chafika kwa wopanga chadutsa kale m'mafoni atatu, wina anachijambula pa status ya mnzake, ndipo iye akachiika mu collage n'kutumizanso chimafinyidwa kachikena. Pagalasi la foni zoonongekazi zimabisika. Zimaululika kosindikizira. Kuti chithunzi chituluke chakuthwa papepala pamafunika madontho pafupifupi 300 pa inchi iliyonse, ndiye collage ya mapikiselo 1080 mulifupi imakwana masentimita 9 okha. Ikatambasulidwa pa bana ya kitchen party nkhope zimasungunuka, ndipo mlandu umagwera wosindikiza amene sanalakwe. Mankhwala ake ndi odziwika: kupempha chithunzi kwa amene anachijambula, kuchitumiza ngati document kapena posankha HD imene WhatsApp inawonjezera mu 2023, ndi kudziwiratu musanayambe ngati ntchitoyo ithera pa status kapena pansalu.

Pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu wake wa zimenezi, kawirikawiri mtsikana kapena mnyamata amene amauzidwa kuti iwe, tipangireko ka collage, malipiro ake ndi talk time kapena zikomo. Ena mwa iwo afika pokhala ndi kalembedwe kawokawo, moti ukaona ntchito umadziwa dzanja. Koma dzina lokhalo limene limaoneka pakona ndi chidindo cha app, chimene nthawi zambiri chimachoka pokhapokha ulipire. Masitudiyo akale ankadinda dzina lawo kumbuyo kwa chithunzi, ndipo anthu ankalembapo tsiku ndi bolopeni, n'chifukwa chake ofufuza a lero amatha kulondola kuti ichi chinajambulidwa kuti ndipo ndi yani. Collage ya pa foni ilibe kumbuyo kolembapo. Foni ikabedwa kapena ikafa, zithunzi zoyambirira zimapita nayo, ndipo chimene chimatsala m'mafoni a abale ndi chophatikizacho, chopanda chaka, chopanda dzina la malo, chopanda wochipanga. Kakona kamene app imadindapo dzina lake n'kokwanira kulembapo dzina la wopanga, mawu akuti Kalingalinga, ndi chaka, m'zilembo zazing'ono zosasokoneza nkhope ya munthu.